Khungu la Natalia

A Bartholomeo Kadzuwa anabadwira kumunsi kwa Mua, m'mudzi umene uli tsidya la njanji, m'chaka cha 1967. Bambo awo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mayi awo ndi amene ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa kutchalitchi. Dzina lawo n'lalitali, choncho kuyambira ali mwana anthu amangoti a Bato. Sukulu analekezera Fomu 2. Sikuti mutu sunkagwira ayi, koma tsiku lililonse akaweruka ankathera kwa anthu osema ziboliboli amene ankakhala pansi pa mitengo m'mbali mwa msewu, mpaka bambo awo anatopa n'kuwasiya.

Pa kusema kwenikweniko a Bato sanapose anzawo. Analipo ena odziwa mpeni ndi kasemasema kuposa iwo. Luso lawo linali pa penti. Osema ena akamaliza chifanizo cha woyera wina wa m'tchalitchi, ankapenta okha mkanjo ndi nsapato, koma nkhope ndi manja ankabwera nazo kwa a Bato. Matchalitchi a ku Ntcheu, ku Salima, ngakhale kumtunda ku Dedza ankawaitana kuti akakonze zifanizo zimene zinasuluka. Iwo ankati khungu la munthu silikhala mtundu umodzi ngati khoma la sitolo. Pamphumi limayererako, pamasaya pamakhala kufiirira kobisika, pansi pa maso ndi m'mbali mwa pakamwa pamaderako, ndipo pamene mtundu wina ukuthera kuti wina uyambe palibe amene angaloze ndi chala. Ankasakanizira penti pachivindikiro cha chitini, n'kumapaka pang'onopang'ono, nthawi zina ndi burashi youma, nthawi zina ndi chala chenichenicho, penti asanaume.

Anakwatira Natalia mu 1993. Natalia anali namwino pachipatala cha mishoni, mkazi wamtali, wakuda bii, woseka mokweza. Patsaya lakumanzere anali ndi chipsera chachikulu ngati tsamba la mtedza, chimene anachipeza atagwa panjinga ali mtsikana, ndipo sanayesepo kuchibisa. Chinthu chimene ankadana nacho kwambiri chinali mafuta oyeretsa khungu. Kuntchito ankaona amayi atapsa masaya, khungu litapyapyala mpaka mitsempha kumaonekera, ena ali ndi mabala osapola. Tsiku lina atapeza botolo la mafutawo m'chikwama cha mwana wa mkulu wake, sanafunse n'komwe. Anangopita nalo kuchimbudzi n'kuliponya m'dzenje.

Anabereka ana atatu. Woyamba, Chikhulupiliro, lero ndi mphunzitsi ku Golomoti. Pakhomo pomwepo anakulirapo Geoffrey, mlongo wake wa Natalia womaliza kubadwa kwawo, amene anabwera kudzakhala nawo atayamba sekondale ndipo anachoka ali ndi ndevu kale.

Mu 2018 chifuwa cha a Bato chinayamba kuvuta. Fumbi la mitengo ndi fungo la penti la zaka makumi atatu zinali zitawadya m'mapapo. Adokotala anawauza mosapita m'mbali kuti akafuna kudzaona zidzukulu zikukula, asiye zonse ziwiri. Anagawa zitsulo zawo kwa anzawo, ndipo zitini za penti zinaumira m'khitchini. Chaka chotsatira, Loweruka lina m'mawa, Natalia anagwa akuyanika zovala panja. Kunali kuthamanga kwa magazi. Pofika Lolemba anali atamwalira.

A Bato anakhala chaka chathunthu osachita kanthu. Ankapita ku misa, n'kubwerako, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina Geoffrey anatulukira pa njinga yamoto, n'kuwapeza ali pomwepo.

"Alamu, mukamakhala chonchi muwatsatira achemwali chaka chisanathe," anatero Geoffrey. "Valani nsapato, mukwere kumbuyo kuno. Ndikufuna ndikakuonetseni chinthu."

Geoffrey anali ndi kashopu pa Mtakataka, pakati pa golosale ndi malo ometera. Ankasindikiza makadi a ukwati, mapepala a mwambo wa maliro, zikwangwani za masitolo ndi malaya a matimu a mpira. Kuseri kwa katani kunali kompyuta yaikulu imene anagula yogwira kale ntchito, ndipo patsogolo pake panali kathabwa kakuda konga sileti, ndi cholembera chake. Atayatsa, pasikirini panabwera mutu wa munthu wachipewa. Geoffrey anaugwira ndi cholembera chija, mutuwo n'kumatembenuka, kuonetsa khutu, nkhongo, kenako nkhope.

"Pulogalamu imeneyi imakupatsani mpira wa dongo," anafotokoza Geoffrey. "Mumakoka, mumakanikiza, mumakumba, zonse ndi cholembera ichi. Mukamaliza mumapenta pomwepo. Fumbi palibe, fungo palibe."

Anati mutuwo ndi wa mlimi, ndipo anaufuna mwini sitolo ya mbewu kuti aike pachikwangwani. A Bato anavala magalasi n'kusendera pafupi. Nkhopeyo inali yopakidwa bulawuni mmodzi yekha, ndipo pamasaya panali zigamba ziwiri zofiira zokhala ndi malire ngati zodulidwa ndi lezala.

"Wapenta ndani munthuyu?"

"Ine."

"Wamulakwira."

Geoffrey anaseka, n'kuwaika cholembera m'manja.

Masabata oyamba anali ovuta. Dzanja linkayenda pakathabwa pamene maso ali pasikirini, ndipo a Bato ankati zili ngati kumeta munthu uli kumbali. Chimene chinkawakwiyitsa kwambiri n'choti penti wa m'kompyuta sanyowa. Ukapaka wofiira pambali pa wabulawuni, amangokhala moyandikana osalowana. Geoffrey anawaonetsa burashi yosalazira: umagwira batani limodzi ndi dzanja lamanzere, n'kumasisita pamalirepo. A Bato anasisita ndi mtima wonse pakati pa tsaya ndi mphuno ya mlimi uja. Mitundu inalowanadi, koma mphuno nayo inasungunuka n'kutsala kachotupa. Burashiyo inkasalaza zonse, penti ndi dongo lomwe.

"Ndamuwononga!" anafuula a Bato.

Geoffrey anadina mabatani awiri, mphuno n'kubwerera. A Bato anati achitenso kuti aone bwino. Zaka zonse zimene anagwira ntchito, akalakwitsa nkhope ankadikira penti aume, n'kupala, n'kuyambiranso.

Patapita masiku anapeza pozimitsira mphamvu yosintha dongo, kuti burashi izigwira mtundu wokha. Kenako panabuka vuto lina. Ngakhale asalaze bwanji, mitundu inkaoneka ya timabokosi, ngati nsalu ya yunifolomu. Geoffrey anafufuza n'kupeza chifukwa chake. Chifanizo chilichonse m'pulogalamumo chimalukidwa ngati ukonde, ndipo penti amakhala pa mfundo za ukondewo. Maso a ukonde akakhala aakulu, mtundu umalumpha kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina. Ankayenera kuugawa ukondewo kangapo kuti maso ake achepe ngati a neti ya udzudzu. Akatero kompyuta inkalira ngati ikufuna kuuluka, koma mitundu inkatsetsereka bwino.

Geoffrey ankawaikira mavidiyo a anthu akunja ophunzitsa kupenta khungu. A Bato anaonera atatu n'kusiya. Onse ankaphunzitsa khungu la azungu, ndipo akafika pa munthu wakuda ankangodetsa mitundu yomweyo. Iwo anabwerera ku zimene ankadziwa. Ankayamba ndi kufiira kozama pansi, ngati kwa dothi la katondo litanyowa, kenako bulawuni pamwamba pake, burashi ataichepetsa mphamvu mpaka kumangokhudza. Pamalire a mitundu iwiri sankathamangira burashi yosalazira. Ankatola mtundu wa pamalire pomwepo, n'kupaka pang'ono uku ndi uku, n'kutolanso wina umene wabadwapo, n'kupakanso, mpaka malirewo kusowa. Burashi yosalazira inkabwera pomaliza, kamodzi kapena kawiri basi. Ankati ukaichulukitsa nkhope imasanduka sopo. Akamaliza ankabwezeretsa timadontho ting'onoting'ono tosaoneka patali, kuti khungu lioneke kuti lakhalapo padzuwa.

Zonsezi anamuphunzitsa Geoffrey, osabisa kanthu. Nthawi zina ankamugwira pamkono ngati mwana wa Sitandade 1.

"Usakweche ngati ukutsuka poto, mlamu. Ingodutsapo. Tola apa. Ayi, pakatikati pomwepo. Eya, tsopano paka mbali zonse."

Ntchito inayamba kubwera. Mlimi uja atakwera pachikwangwani, anabwera mwini butchala, kenako gulu la asodzi, kenako sukulu ya mkaka yofuna tiana tosekerera. Geoffrey ankaumba ndi kusindikiza, a Bato ankapenta. Kwa zaka ziwiri ankakwera minibasi m'mawa uliwonse kupita ku Mtakataka atanyamula botolo la tiyi, ndipo anthu a m'mudzi ankati ayambanso kunenepa.

Chakumayambiriro kwa 2023 anapempha Geoffrey kuti azigwiritsa ntchito kompyutayo Loweruka masana, shopu ikakhala phee. Ankafuna kuumba nkhope ya Natalia. Banja linali litagwirizana zodzamanga chiliza mu Seputembala, ndipo iwo ankafuna kuti pa tsikulo padzakhale chithunzi chachikulu chooneka bwino. Zithunzi zimene anali nazo zinali zochepa: cha paukwati chimene chinasuluka, cha pachiphaso cha kuntchito, ndi zina za pafoni zosaoneka bwino. Zotsalazo zinali m'mutu mwawo.

Kuumba kunatenga miyezi iwiri. Atamaliza, mutu usanapentedwe, uli wotuwa ngati phulusa, Geoffrey anaukopera pa fulashi yosungira mafayilo, a Bato n'kukaisunga m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana. Kupenta kunatenga miyezi inanso itatu ndi theka. Anapenta pamphumi pamene kapu ya unamwino inkathera, pamene khungu linali loyererako pang'ono. Anapenta milomo, wapamwamba woderako, wapansi wofiirira chapakati. Pa chipsera pokha anakhalapo Loweruka atatu, chifukwa m'mphepete mwake chinali chakuda kuposa tsaya, pakati n'kumayera, ndipo kumtunda chinkangosowera m'khungu popanda malire.

Geoffrey ankakoka mpando n'kukhala nawo. Ndi iye amene anawakumbutsa za kadontho kakuda pansi pa khutu lakumanja.

"Ndinkakaona akandibereka kumsana popita kuchigayo," anatero. Tsiku limene a Bato anamaliza maso, Geoffrey anatuluka panja, ndipo pobwera anali akupukuta nkhope ndi malaya. Chikhulupiliro atabwera kudzaona, anaima pakatani osatha kusuntha, kenako anati, "Amayi," n'kukhala pansi pasimenti.

A Bato sanapemphe kuti akoperenso pa fulashi. Sanaganizeko n'komwe. Kompyuta inali ya mlamu wawo.

Mu Julayi kunazizira, chifuwa chinabwerera mwamphamvu, ndipo anagona kunyumba masabata asanu ndi limodzi. Geoffrey anabwera kawiri kudzawazonda, atanyamula malalanje. Anati ntchito ikuyenda, asadandaule, apume.

Chapakati pa Ogasiti, Lachinayi m'mawa, Chikhulupiliro anaimba foni.

"Ababa, kodi mungathe kukwera minibasi lero?"

"Kwagwanji?"

"Palibe amene wamwalira. Ingobwerani ku Golomoti kuno. Ndikudikirani pasiteji."

Anamupeza ataima padzuwa, choko chikadali m'manja. Sanawapatse moni bwinobwino. Anawagwira dzanja n'kudutsa nawo pakati pa ogulitsa tomato ndi kaunjika, mpaka pasitolo ina yogulitsa sopo ndi mafuta odzola. Pakhoma pake panamatidwa pepala lalikulu ngati theka la chitseko.

Anali Natalia. Nkhope imodzi, koma yogawidwa pakati. Mbali yakumanzere inali yakuda, ndipo wina anaituwitsa, n'kuwonjezera ziphuphu pachibwano. Chipsera chija anachidetsa kuti chioneke ngati nthenda. Mbali yakumanja inali yoyera mbee ngati mkati mwa mbatata, yosalala, yopanda kadontho ngakhale kamodzi. Pansi pa mbali yakuda analemba kuti DZULO, pansi pa yoyerayo LERO. M'munsi munali botolo la mafuta otchedwa Wala Msanga, ndi nambala ya foni.

A Bato anavala magalasi. Chimene anayang'ana nthawi yaitali chinali pamphuno, pamene kuda kunkathera kuti kuyera kuyambe. Panalibe malire. Wopentayo anatola mtundu wa pakatikati, n'kupaka uku ndi uku, n'kutolanso. Burashi yosalazira anangodutsitsapo kamodzi.

Mayi wina wogulitsa usipa pafupi pomwepo anadzuka n'kubwera.

"Pepani bambo, kodi amenewa si anamwino aja a ku Mua? Anandichiritsa mwana wanga wachiwiri amenewa. Ndiye ankadzola mafutawa?"

Chikhulupiliro ndi amene anayankha, koma a Bato sanamve zimene ananena. Anali atayamba kale kubwerera kusiteji.

Anafika ku Mtakataka dzuwa lili pamutu. M'shopu munali anthu awiri odikira makadi a ukwati. Geoffrey atawaona anadzuka msanga.

"Alamu! Mwachira? Bwanji osandiuza, ndikanakutengani."

"Tsegula Natalia."

"Khalani pansi kaye, mupume."

"Tsegula."

Anthu aja anayang'anana n'kutuluka. Geoffrey anapita kuseri kwa katani, n'kutsegula fayiloyo. Mutu unabwera pasikirini, theka lakuda, theka loyera.

"Winayo ali kuti? Amene ndinapenta ine?"

Geoffrey anayang'ana pansi. Anati ankafuna kusunga padera, koma tsikulo anali pa changu, magetsi anali atatsala pang'ono kuthima, ndipo anangodina posungira. Anazindikira mawa lake kuti wapenta pamwamba pa fayilo yomweyo. Anati anayesa kuibweza koma zinakanika.

"Munthuyo anachokera ku Lilongwe," anapitiriza Geoffrey, mawu akuthamanga. "Ankafuna nkhope ya mzimayi yooneka yeniyeni, koma osati munthu wamoyo, akuti amoyo amadzavuta pambuyo pake. Ndinamuonetsa zina zonse, anakana. Ataona achemwali anati iyi basi."

"Anawaona bwanji?"

"Ndinangofuna aone luso lathu."

"Ndiye ziphuphu zija anaika iyeyo?"

Geoffrey anangokweza mawu.

"Alamu, musaiwale kuti ameneyu ndi mchemwali wanga. Inu munamupeza ali wamkulu kale, ine ndinabadwa naye mimba imodzi. Komanso kompyutayi ndi yanga, magetsi ndi anga. Ndipo kunena zoona si iwo amenewa. Achemwali ali kumanda. Iyi ndi fayilo chabe."

"Amene ankakuchapira yunifolomu zaka zinayi ndi fayilo?" anafunsa a Bato. "Amene anakugonera pansi kuchipatala utathyoka mwendo ndi fayilo? Ukudziwa bwino zimene ankanena za mafuta amenewa. Unalipo tsiku limene anataya botolo m'chimbudzi. Unaseka."

Chifuwa chinawagwira, n'kutsokomola mpaka kugwira khoma. Geoffrey anawapatsa madzi, iwo anakana ndi dzanja. Anatsegula kabati, n'kutenga kapu yawo ya tiyi ndi kansalu kopukutira magalasi, n'kutuluka. Sanalowenso m'shopumo mpaka lero.

Loweruka lotsatira iwo ndi Chikhulupiliro anayenda ndi ndowa ya madzi ndi mpeni, kumatula mapepalawo. Anachotsa anayi ku Golomoti, atatu ku Mtakataka, awiri pamphambano yopita ku Mua. Eni masitolo ena atamva nkhaniyo anathandiza kumatula. Wina anakana, n'kunena kuti khoma ndi lake, ndipo ngakhale achotse, galimoto ikabwera Lachiwiri idzamata ena. A Bato ndi Chikhulupiliro anaimbira foni nambala ya papepala paja. Anayankha mtsikana amene anati abwana achokapo. Ataimbanso kachitatu, foni sinkalowanso. Kenako mabotolo enieniwo anafika m'masitolo, lililonse lili ndi nkhope ija kutsogolo, yaing'ono ngati bokosi la machesi. Pamenepo Chikhulupiliro anati, "Ababa, sitingathe," ndipo anasiya.

Nkhaniyo inakambidwa kumudzi kwa amayi ake a Natalia, kufupi ndi Mtakataka. Anatsogolera a Bizeki, atsibweni a Natalia ndi Geoffrey. A Bato anapita akuyembekezera kuti akuchikazi akwiya kuposa iwo, popeza mwana wonyozedwayo anali wawo. Anafotokoza zonse mwadongosolo, n'kutulutsa pepala limodzi limene anamatula, n'kulitambasula pamphasa. Anthu analiyang'ana mwachidule, wina n'kulipinda.

Geoffrey anagwada, n'kunena kuti ngati analakwa, akupepesa.

"Mwamva, akamwini," anatero a Bizeki. "Mwana wapepesa. Chithunzi sichimva kuwawa. Malemu akupuma, ife amoyo tisadane chifukwa cha pepala."

"Wati ngati," anayankha a Bato. "Ngati analakwa. Ndiye inu mukuti analakwa kapena ayi?"

Apongozi awo, mayi wokalamba amene a Bato ankawapalira moto ndi kuwakonzera denga kwa zaka zambiri, anangoyang'ana kumbali. Dengalo tsopano linali la malata atsopano amene Geoffrey anakhoma mwezi womwewo. A Bizeki anatseka ndi pemphero. A Bato anatola pepala lawo n'kunyamuka. Chikhulupiliro yekha ndi amene anawatsatira, ndipo podutsa pamene panali Geoffrey anati, "Amalume, mwatichititsa manyazi," mokweza kuti aliyense amve.

Chiliza anachivundukula mu Seputembala monga anapangana. Chithunzi panalibe. Geoffrey anasindikiza mapepala a mwambowo mwaulere, ndipo a Bato anaimba nyimbo zonse pamtima osagwira pepala.

Chaka chotsatira Chikhulupiliro anawapezera laputopu yakale kwa mphunzitsi mnzake amene ankasamuka, pamodzi ndi kathabwa kojambulira kakang'ono. Ndi yofooka, ukonde ukachuluka maso imaima, koma imagwira. A Bato anaitchaja pa sola, n'kutenga fulashi ija m'chitini cha mabisiketi. Mutu wotuwa unabwera pasikirini, wathunthu, mphuno ndi milomo zili m'malo mwake. Anayala kufiira kwa pansi. Anayamba bulawuni wa pamphumi. Atafika patsaya lakumanzere anatseka maso kuti akumbukire, monga ankachitira poyamba paja, ndipo chimene chinabwera chinali tsaya lotuwa la pakhoma la ku Golomoti, ndi chipsera chodetsedwa. Anayesa tsiku lina, zinali chimodzimodzi. Anayesa kuyang'ana chithunzi cha paukwati, koma m'menemo Natalia ndi mthunzi chabe wovala zoyera.

"Mawu ake ndikuwakumbuka, kuseka kwake ndikukumbuka," anamuuza Chikhulupiliro. "Koma mtundu wake sukubwera. Ndinauthira wonse m'kompyuta muja ngati munthu wokhuthula thumba, ndiye amalume akowo anapentapo."

Anatseka fayiloyo, ndipo sanaitsegulenso.

Masiku ano a Bato amapenta zinthu za ana asukulu. Chikhulupiliro ndi anzake amawapempha mtima wa munthu, diso, chambo chotumbula, duwa la dzungu lodulidwa pakati, ndipo ana amazitembenuza pa laputopu m'kalasi. Amazipenta mosamala ngati kale. Mtima wawo umachoka pa kufiira kupita ku kuderako popanda poloza chala. Nkhope za anthu amakana. Wansembe wina anabwera yekha kudzawapempha, iwo anapepesa n'kumulozera kwa anyamata osema a kumsewu. Shopu ya Geoffrey ikuyenda bwino, anawonjezera chipinda china, ndipo anthu amati nkhope zake ndi zokongola kuposa za ku Salima.

Apongozi aja anamwalira mu Meyi chaka chino. A Bato anapita m'mawa, n'kukhala ndi amuna anzawo pansi pa mtengo wa mango. Potuluka m'nyumba ndi bokosi, anagwira chakumutu kudzanja lamanja, Geoffrey kudzanja lamanzere, ndipo anayenda choncho mpaka ena anawalandira. Pobwera kumanda anthu anaima pamzere kusamba m'manja, ndipo amene ankathira madzi anali Geoffrey. Itafika nthawi ya a Bato, Geoffrey anapendeketsa jagi, n'kunena chapansipansi kuti, "Alamu, tidzachezeko tsiku lina."

A Bato anasamba bwinobwino, zala zonse, n'kukutumula manja.

"Zikomo," anatero.

Anapita kuseri kwa nyumba kumene anatsamiritsa njinga yawo, n'kuikankha mpaka kumsewu. Chakudya chisanatuluke anali atadutsa kale mlatho.